Kuchokera ku Mzuzu, Nsomba za Pono Tikaziwonere Kuti?

Mwana wa mlongo wanga, yemwe akuchita maphunziro a za nsomba ku Mzuni, anafika kwathu ku Katoto Loweruka lina masana ali ndi funso. Wasunga kandalama kuchokera ku geni yake ya zitenje za ku Taifa Market, ndipo akufuna kukaona ndi maso nsomba zimene wakhala akungoziwerenga, zija pa Chingerezi amati parrotfish, anzathu a m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Tanzania ndi Kenya n'kumati pono. "Amalume, ndipite kuti? Ndalamayi ndi ya ulendo umodzi basi." Tinakambirana pakhonde mpaka kuzizira kunatilowetsa m'nyumba, ndipo ndaona kuti zimene tinagwirizana zingathandizenso aphunzitsi ndi ophunzira ena kuno kumpoto.

Ndinamuuza kuti asayambe ndi kusankha dziko. Pono sizimwazikana mofanana pathanthwe la korali, mwala womangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja yamchere. Mtundu uliwonse uli ndi pamalo pake, ndipo chimene chimaika nsomba pamalopo ndi pansi pa madzi: kaya pali udzu, mchenga, zidutswa za korali wakufa kapena mwala wolimba womenyedwa ndi mafunde. Munthu amene wasambira pamalo amodzi okha, ngakhale okongola bwanji, amabwera ndi zithunzi koma sanaone nkhaniyo. Ndiye muyeso wanga pa njira zonse zili m'munsimu ndi umodzi: kodi pamalopo mungaone mitundu ingati ya pansi pa nyanja moyandikana, pa ndalama imene muli nayo?

Zoti mukaziyang'ane

Padziko lonse pali mitundu ya pono pafupifupi 100, ndipo yambiri ili m'nyanja za Indian ndi Pacific. Mano ake anamatirirana n'kupanga mlomo wolimba ngati wa chinkhwe, ndipo kukhosi kuli mano ena operera, okhala ngati mphero. Chambo ndi mbuna zathu nazonso zili ndi mano akukhosi otere. M'chaka cha 1990, David Bellwood ndi Howard Choat anaonetsa kuti pono zodya pamwala zili m'magulu awiri: zopala, zimene zimangokanda pamwamba, monga za mtundu wa Scarus, ndi zokumba, zimene zimabenthula mwalawo n'kusiya chipsera choyera, monga Chlorurus ndi Bolbometopon. Pali gulu lachitatu lomwe limabudula masamba a udzu ndi ndere zikuluzikulu, la Leptoscarus ndi Calotomus.

Tsopano ganizirani kuti mukusambira kuchokera pagombe kulowera kunja. Poyamba mudutsa m'munda wa udzu wa m'nyanja. Muno ndi kwawo kwa Leptoscarus vaigiensis, nsomba yobiriwira mothimbirira, yamawangamawanga, yovuta kuiona ikakhala duu pakati pa udzu. Ana a mitundu ina, monga Scarus ghobban, amakuliranso muno asanasamukire kuthanthwe. Kenako mufika m'dziwe labata la mkati, momwe muli mchenga ndi timilu ta korali apa ndi apo, ndipo m'malire mwa mchenga ndi mwala ndi momwe Hipposcarus harid, ya nkhope yaitali yotuwa, imakonda kuyenda. Mukapitirira mupeza bwalo losaya la mwala, lomwe madzi akaphwera limatsala pang'ono kuonekera poyera, popeza m'nyanja yamchere madzi amakwera ndi kutsika tsiku lililonse. Madzi akamakwera, timagulu ta pono zing'onozing'ono monga Scarus psittacus ndi Chlorurus sordidus timalowa kudzadya, akamatsika n'kutulukanso. Ndiye pali msana wa thanthwe, pomwe mafunde amasweka. Apa dzuwa limafika lokwanira, mafunde amatsuka matope nthawi zonse, chakudya chimamera msanga, ndipo ndi pomwe pamakonda kupezeka zikuluzikulu: Chlorurus strongylocephalus ya chipumi chotukuka, Scarus rubroviolaceus, ndipo mukachita mwayi, Bolbometopon muricatum. Kuseri kwa msanawo kuli chitsetse cholowera kwakuya. Kumeneko kuwala kumachepa, chakudya chimachepa, pono nazo zimanka zichepa.

Bolbometopon ndi yoyenera kuimapo pang'ono. Imafika mamita 1.3 kutalika ndi makilogalamu 46 kulemera, ndipo imodzi yokha imabenthula matani pafupifupi 5 a mwala wa korali pachaka, n'kuutulutsa uli mchenga. Koma chimphona chimenechi chimayambira moyo m'madzi abata a mkati, pakati pa korali wanthambi. Ku Solomon Islands ofufuza anapeza kuti pomwe makampani odula mitengo anakokolotsera matope m'madziwe oterewa, ana ake anachepa kwambiri. Ku Belize, Peter Mumby ndi anzake anaonetsa mu 2004 kuti Scarus guacamaia, pono yaikulu kuposa zonse za m'nyanja ya Caribbean, imadalira mitengo ya m'madzi amchere ija pa Chiswahili amati mikoko kuti ana ake akule. Kotero nsomba imodzi imatha kufuna malo awiri kapena atatu pa moyo wake, ndipo mukawononga pamene imakulira, simuiona pamene imadyera. Ife amene timaona matope ofiira akutsikira m'nyanja kuchokera m'mapiri ometedwa a Nkhata Bay nthawi ya dzinja sitifunika kuchita kufotokozeredwa kawiri.

Chinanso chimene chinasintha kaganizidwe ka akatswiri n'chakuti pono zambiri sizifuna ndere zooneka ndi masozi. Kendall Clements wa ku Auckland ndi anzake anafotokoza kuti zimasaka tizamoyo tosaoneka ndi maso, makamaka cyanobacteria, tomera pamwamba ndi mkati mwa mwala wakufa. N'chifukwa chake korali akafa ndi kutentha kwa madzi, monga zinachitikira kwambiri m'nyanja ya Indian mu 1998 ndi 2016, pono m'malo ena zimachuluka kapena kukula msanga kwa zaka zingapo, popeza munda wake wakula. Musafulumire kunena kuti pomwe pali korali wamoyo wochuluka ndi pomwe pali pono zambiri. Kawirikawiri sizikhala choncho.

Nkhata Bay

Ndinene poyera: m'nyanja yathu mulibe pono ngakhale imodzi, chifukwa ndi nsomba za m'madzi amchere. Komabe ndaiika poyamba, ndipo sindikuchita izi chifukwa chongokonda kwathu. Makilomita osakwana 50 kuchokera pa depoti ya Mzuzu, pa mtengo wa minibasi, pali malo amodzi mwa malo abwino kwambiri padziko ophunzirira momwe pansi pa madzi pamagawira nsomba. Ndi pa Nkhata Bay pomwe Geoffrey Fryer anachita kafukufuku wake wotchuka, wofalitsidwa mu 1959, woyerekeza nsomba za pamiyala, za pamchenga ndi za pakati pa ziwirizi. Dzina lakuti mbuna limene dziko lonse likugwiritsa ntchito linachokera kwa asodzi achitonga a komweko.

Valani magalasi osambirira ndi kapaipi kopumira, mugone pamadzi pamwamba pa miyala. Pomwe mafunde akuwomba muona Labeotropheus, ya mphuno yonenepa ndi kamwa loyang'ana pansi, ikumeta ndere thupi lili chogona pamwala. Pambali pake Petrotilapia, ya milomo yodzaza ndi timano, ikupesa ndere zomwezo ngati chipeso, pamene Tropheops ikuluma n'kudzula mokoka cham'mbali. Sunthani pang'ono kufika pamchenga, mbuna zonse zitha ngati mwadula ndi mpeni, m'malo mwake muona nsomba zotuwa zofufuza chakudya mumchenga ndi timabwalo tomwe zazimuna zimaumba pokopa zazikazi. Diso limene laphunzira kuona zimenezi, kuyang'ana kamwa, kuyang'ana pomwe nsomba yaluma, kuyang'ana malire a mwala ndi mchenga, ndi lomwelo lidzagwire ntchito kunyanja yamchere. Kusambira kwa nthawi yaitali nkhope ili m'madzi kumafunanso kuzolowera, ndipo ndi bwino kuzolowera kuno kusiyana ndi kukataya masiku awiri olipira madola mukulimbana ndi madzi olowa m'magalasi.

Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu, ndipo kwa ine ndi pomwe pagona phunziro lonse. Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa, n'kuwalavula pamiyala pomwepo. Anawo sawoloka mchenga wautali kapena madzi akuya. Ndiye gulu lililonse la miyala limakhala ngati chilumba, ndipo m'kupita kwa nthawi nsomba za pamenepo zimasiyana ndi zinzake: za ku Likoma, za ku Chizumulu ndi za ku Nkhata Bay zimakhala ndi maonekedwe akeake. Umu ndi momwe nyanja imodzi yakhalira ndi mitundu mazanamazana. Pono zimathira mazira m'madzi, mafunde n'kuwatenga, ndipo tiana timayandama kwa masabata tisanatere pathanthwe lina. N'chifukwa chake Scarus ghobban yomwe mungaione ku Zanzibar ikupezekanso mpaka kugombe la America la ku Pacific. Kwa mbuna, kusiyana kwa malo kumabala mitundu yatsopano. Kwa pono, kumangosankha kuti mwa mitundu yofika pathanthwepo, uti ukhale pati. Nkhata Bay ikuphunzitsani mbali yoyambayo. Yachiwiri muyenera kuiyendera.

Pitani pakati pa September ndi November, mwera ukamatha, mvula isanadetse madzi. Pewani malo abata a mabango chifukwa cha likodzo.

Zanzibar

Iyi ndi njira imene ambiri angaiganizire msanga, chifukwa msewu wake amalonda a ku Mzuzu amaudziwa ngati kumunda: M1 kudzera ku Chiweta ndi Karonga, kuwoloka pa Songwe, kenako Mbeya, basi ya ku Dar es Salaam, ndi sitima ya pamadzi ya maola awiri kukafika ku Stone Town. Mmalawi safunika viza polowa mu Tanzania. Malo ogona otsika mtengo alipo ambiri, ndipo madaladala, maminibasi a kumeneko, amafika pafupifupi gombe lililonse.

Mphamvu ya Zanzibar ili pa udzu ndi madziwe. Kugombe la kum'mawa, ku Matemwe, Paje ndi Jambiani, thanthwe lili patali ndi mtunda, ndipo pakati pake pali dziwe lalikulu losaya lomwe madzi akaphwera mumayendamo wapansi, kudutsa minda ya amayi olima ndere zogulitsa. Ku Chwaka Bay kuli mikoko ndi udzu wambiri, ndipo asodzi amatchera madema, omwe ndi ngati miono yathu, n'kumakola Leptoscarus tsiku ndi tsiku. Kupita m'mawa pomwe ngalawa zimakocheza, kapena kumsika wa Darajani, n'kugwira pono m'manja, kuitsegula kamwa n'kuona mlomo wake, ndi phunziro laulere lomwe simungalipeze m'madzi.

Kufooka kwake ndi usodzi. M'matanthwe ambiri osatetezedwa, pono zikuluzikulu zinatha kalekale, chifukwa ndi zomwe zimayamba kugwidwa, makamaka usiku zikagona m'mapanga. Mukaona msana wa thanthwe uli ndi tinsomba tating'onoting'ono tokha, simungadziwe ngati ndi malowo achititsa kapena ndi mkondo wa msodzi. Mankhwala ake ndi Chumbe, kachilumba ka kum'mwera kwa Stone Town komwe usodzi unaletsedwa kuyambira 1994. Kumeneko alendo amaloledwa ochepa patsiku, amangosambira pamwamba osamira ndi mabotolo a mpweya, ndipo nsomba sizithawa munthu. Tsiku limodzi ku Chumbe ndi lodula, koma mukaliyerekeza ndi tsiku la pathanthwe losodzedwa, muona ndi maso kusiyana kwa kukula kwa nsomba. Mnemba, kachilumba kena komwe aliyense pagombe adzakukakamizani kupitako, ine sindiilimbikitsa pa cholinga ichi. Maboti amachuluka, anthu amathamangitsana ndi ma dolphin, ndipo simupatsidwa mpata wokhala phee kutsatira nsomba imodzi.

Mafia

Pano ndi pomwe mtima wanga wagona, ndipo ndi komwe ndinauza mtsikanayu kuti akaike ndalama yake. Mafia Island Marine Park inakhazikitsidwa mu 1995, yoyamba ya mtundu wake mu Tanzania, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 822. Chimene chaipambanitsa pa muyeso wanga ndi Chole Bay. M'dera limodzi lomwelo muli mikoko m'mphepete, minda ya udzu, mchenga, milu ya korali yotumphuka kuchokera pansi, mpata wa Kinasi pomwe madzi amathamanga polowa ndi potuluka, ndipo kunja kwake kuli khoma loyang'anizana ndi nyanja yaikulu. Malo onse amene ndawatchula poyamba aja mungawayendere ndi ngalawa imodzi kuchokera ku Utende, tsiku lomwelo kapena lotsatira, madzi ake ndi amodzimodzi, ndipo chitetezo chake n'chofanana. Zikatero, kusiyana kumene mukuona pa nsomba mungakuloze pa malo mosakayika kwambiri.

Palinso china. Mbali ya kumadzulo kwa chilumbachi yayang'anizana ndi matsiriro a mtsinje wa Rufiji, ndipo madzi ake ndi amatope poyerekeza ndi a kum'mawa. Ku Great Barrier Reef ku Australia, Andrew Hoey ndi Bellwood anapeza mu 2008 kuti matanthwe oyandikira mtunda amakhala ndi pono zambiri koma zing'onozing'ono, pomwe akunja, a madzi oyera ndi mafunde amphamvu, ndi omwe amasunga zokumba zikuluzikulu. Wophunzira wofuna mutu wa kafukufuku angadzifunse ngati mbali ziwiri za Mafia zikuonetsa zofananazo.

Zovuta zake si zazing'ono. Kufikako n'kotopetsa: kuchokera ku Dar mumakwera basi kupita ku Nyamisati, kenako boti lopita ku Kilindoni, lomwe nthawi yake imatengera madzi ndi nyengo. Ndege ilipo koma idya theka la thumba. Mukakhala mkati mwa paki mumalipira tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene simunalowe m'madzi, choncho konzani masiku ochepa koma odzaza. Mphepo ya kusi, yomwe imawomba kuyambira cha mu May mpaka September, nthawi yomweyo ya mwera wathu, imatseka njira ya kukhoma lakunja, ngakhale mkati mwa Chole Bay mumasambirika. Mvula yambiri imagwa March mpaka May. Miyezi ya October ndi November ndiyo ndingasankhe. Mpata wa Kinasi si wolowamo nokha, muzipita ndi wodziwa nthawi ya madzi.

Mozambique ndi Kenya

Zilumba za Quirimbas zili ndi matanthwe olemera kwambiri m'chigawo chathu chino, koma zili ku Cabo Delgado komwe kwakhala nkhondo kuyambira October 2017. Mwana wa mlongo wanga sindingamutumize kumeneko. Bazaruto, paki ya kuyambira 1971, ndi yabata ndipo ili ndi udzu wochuluka, koma kuchokera ku Mzuzu mudutsa Lilongwe, Tete ndi Chimoio musanafike ku Vilankulo, boti lake n'lodula, ndipo Chipwitikizi chikufunika. Watamu ku Kenya, yotetezedwa kuyambira 1968, ili ndi mikoko ya Mida Creek pafupi ndi thanthwe, ndipo gombe la Kenya lafufuzidwa kwa zaka zambiri: Tim McClanahan anaonetsa kuti pomwe nsomba zasodzedwa kwambiri, tizilombo taminga totchedwa sea urchin timachuluka n'kulanda chakudya cha pono. Ndi malo abwino, koma muwonjezera dziko lina ndi masiku ena a pamsewu kuti mukaone zimene Mafia ikanakupatsani.

Osachoka pa Mzuzu

Amene alibe ya ulendo asadzione ngati watsala. Allen Coral Atlas ndi mapu aulere a pa intaneti oonetsa matanthwe a dziko lonse atagawidwa kale: apa dziwe, apa bwalo, apa msana, apa chitsetse. Tsegulani Chole Bay pamenepo, kenako mupite pa iNaturalist mukaone pono zimene anthu anajambula m'deralo, ndi pa FishBase kuti muwerenge za mtundu uliwonse. Mphunzitsi wa Biology angapange phunziro lathunthu ndi bandulo imodzi. Choperewera n'chakuti ojambula amakonda nsomba zazimuna zowala, amajambula pafupi kwambiri, ndipo pansi pomwe nsombayo imadya sipaoneka. Njirayi ndi yabwino pokonzekera ulendo, komanso yophatikiza ndi Nkhata Bay kwa kalasi yonse.

Mukafika m'madzi

Kulikonse kumene mungasankhe, kachitidwe kake ndi kamodzi. Tengani kathabwa ka pulasitiki koyera ndi pensulo wamba, amalemba bwinobwino m'madzi. Yalani chingwe cha mamita 50, musambire pang'onopang'ono mukuwerenga pono zonse za m'kati mwa mamita awiri ndi theka mbali iliyonse, ndi kuyerekeza kutalika kwake. Pobwerera musayang'anenso nsomba, lembani za pansi: mchenga, udzu, zidutswa, mwala, korali wamoyo. Chitani chimodzimodzi pamalo ena onse, nthawi yofanana ya tsiku ndi msinkhu wofanana wa madzi. Kenako sankhani nsomba imodzi muitsatire kwa mphindi zisanu, mukuwerenga kuti yaluma kangati ndipo yaluma pachiyani. Mukakhala chete mumamva ndi makutu kukukuta kwake.

Chenjezo limodzi: pono zambiri zimayamba zili zazikazi, zofiirira kapena zotuwa, ndipo zina pambuyo pake zimasanduka zazimuna zobiriwira mowala. Akatswiri akale anazilembapo ngati mitundu iwiri yosiyana, ndipo inunso mudzasokonezeka. Phunzirani maonekedwe onse awiri a mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi musananyamuke, zotsalazo muzingolemba kuti yopala kapena yokumba. Koma Leptoscarus sisintha chonchi. Mukapeza mpata wotuluka usiku ndi tochi ndi wokutsogolerani, yang'anani m'mapanga: mitundu ina ya Chlorurus ndi Scarus imagona itadzikuta m'thumba la mamina lomwe limaiteteza ku tizilombo toyamwa magazi.

Mtsikanayu anafunsa ngati sangathe kuchita Zanzibar ndi Mafia pa ulendo umodzi. Tinawerengetsa, ndalama sinakwane, ndipo anasankha Mafia mu November, masiku anayi mkati mwa paki. Pakadali pano wagula magalasi awiri pa kaunjika, ndipo Loweruka lililonse la September tizikwera minibasi ya m'mawa kutsikira ku Nkhata Bay ndi chingwe chathu cha mamita 50.